Galimoto ikatentha n'kusiya kukoka, yambani mwafufuza kumene madzi akupita

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Mwachidule akuti: "Ndili ndi Honda Fit ya 2005 imene anandisiyira malemu amuna anga. Ndimapita nayo ku Mbare Musika kukapikula tomato ndi mbatatesi. Chiyambire Seputembala, m'mawa imayenda bwinobwino, koma pobwerera dzuwa litakwera, tikaima pamzere wa magalimoto, kanyali kofiira kamayamba kuphethira, ndipo ndikaponda moto galimoto imangolemera ngati ikukoka ngolo. Ndikumathira madzi pafupifupi lita imodzi pa masiku atatu alionse. Makaniko woyamba anachotsa thermostat koma sizinasinthe. Wachiwiri akuti gasiketi yapsa, wachitatu akuti ndingogula injini ina. Mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Balaka. Ndimvere uti?"

Mayi, pepani ndi vutoli. Galimoto imeneyo ndi imene ikudyetsa ana, komanso ndi chikumbutso cha bambo, choncho ndikuyankhani mosathamanga.

Pakali pano musamvere aliyense mwa atatuwo. Sindikuti ndi akuba ayi, ndipo wachiwiriyo mwina walasa. Koma m'kalata yanu sindikuona pamene wina wa iwo anayeza kanthu. Onse angoyang'ana ndi maso n'kutchula matenda. Ine ndakulira m'magalaji a ku Gazaland, ku Highfield, ndipo ma Fit, ma Vitz ndi ma March amene ndawagwira ndi ambirimbiri. Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti eni ake ambiri amafika atataya kale ndalama pa zitsulo zimene zinalibe mlandu, vuto lenileni likadali pomwepo.

Mawu amene ndawagwira kwambiri m'kalata yanu ndi a lita imodzi pa masiku atatu aja. Madzi a m'galimoto sali ngati petulo woti azitha. Amazungulira m'njira yotsekedwa, kuchoka mu injini kupita mu rediyeta n'kubwereranso, ndipo galimoto yabwino imatha miyezi yambiri osapempha ngakhale kapu imodzi. Ngati yanu ikumwa chotero, madziwo ali ndi kolowera, ndipo njira zake ndi zitatu zokha. Mwina akudonthera pansi, mwina akuwira n'kuthawira pa chitsekerero cha rediyeta, apo ayi akulowa m'kati mwa injini n'kupsa limodzi ndi petulo. Ziwiri zoyambazo sizidula kukonza. Yachitatuyo ndiye gasiketi, kachipepala kachitsulo kolekanitsa moto ndi madzi m'kati mwa injini, imene wanena makaniko wachiwiri uja. Nkhani yonse yagona pa kudziwa kuti mwa njira zitatuzi madzi anu akutsata iti, ndipo zimenezi zimadziwika hedi, chigawo cha pamwamba cha injini, isanatsegulidwe.

Za kufookazo musazitenge ngati matenda apadera. Mwanena nokha kuti m'mawa imakoka bwino, imadzalemera ikatentha, ndiye kuti kufookako kukubadwa kuchokera ku kutenthako. Injini ikatentha mopitirira, petulo amayamba kuphulika yekha nthawi yake isanakwane, ndipo mukaponda moto pachitunda mumamva ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Pa injini pali sensa imene imamva kugogoda kumeneko. Kompyuta ikalandira uthengawo imachedwetsa moto wa mapulagi kuti mapisitoni asabooke, ndipo moto ukachedwa mphamvu imatsika. Galimoto yanu ikuyesetsa kudziteteza yokha. Mukachiza kutenthako, kawirikawiri mphamvu imabwerera popanda kugwira china chilichonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti Fit ya zaka zimenezo ilibe muvi wosonyeza kutentha ukukwera pang'onopang'ono. Ili ndi tinyali basi, kena kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kaja. Kofiirako kakamaphethira ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Injini yake, imene amaitcha L13A, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene sichipirira moto ngati chitsulo cholemera cha magalimoto akale. Tsiku lililonse limene mukuyendetsa kanyaliko kali koyaka, mukupinda hedi pang'ono. Ngati gasiketi sinapse lero, njira imeneyi idzaipsereza ndithu.

Choncho kanyaliko kakayakanso, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ngakhale kunja kukutentha, chifukwa hitayo ndi karediyeta kakang'ono kamene kamathandiza kuchotsa moto mu injini. Funani pokhotera msanga, imani, zimitsani. Mukaona nthunzi ikutuluka ku boneti musadikire n'komwe. Ndipo chonde, mayi, musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha, ngakhale mutakulunga dzanja ndi chiguduli. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anachita zimenezi pofuna kuthandiza kasitomala wofulumira, madzi anamuthovukira kuyambira m'manja mpaka m'khosi, ndipo zipsera zake ali nazo mpaka lero. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka payipi ya pamwamba itafewa ndipo mukutha kuigwira osapsa. Musathirenso madzi ozizira mu injini imene yangowira kumene, chifukwa hedi imatha kung'aluka.

Tsopano kufufuzako. Kumayambira pakhomo panu, ndipo sikufuna ndalama. Madzulo mukaimika galimoto, yalani katoni youma pansi pa injini. M'mawa musanailize, onani ngati katoniyo yanyowa, ndipo yanyowa mbali iti. Kenako tsegulani chitsekerero cha rediyeta, injini idakali yozizira. Madzi ayenera kukhala pakhosi penipeni. Musakhulupirire kabotolo ka pulasitiki ka pambali kaja, chifukwa kamatha kukhala kodzadza rediyeta ili youma. Tengani tochi muyang'ane timizere toyera kapena tobiriwira touma, tonga mchere, chifukwa ndi mapazi a madzi amene anadutsa n'kuuma. Muwafune pamutu pa rediyeta, pamene pulasitiki yakuda yalumikizana ndi chitsulo. Pulasitiki imeneyo ikakalamba imasanduka yofiirira n'kuchita kamng'alu kooneka ngati tsitsi, kamene kamatseguka pokhapokha injini ikatentha, n'chifukwa chake ambiri amalumbira kuti galimoto yawo sidontha. Muyang'anenso kumapeto kwa mapayipi onse, ndi pansi pa pampu ya madzi, kumbali kumene kuli lamba. Pomaliza pisani dzanja pansi pa kapeti wa kutsogolo. Akakhala wonyowa ndipo m'galimoto mukumveka kafungo kotsekemera, ndiye kuti ndi hita imene ikudontha.

Mukatha apo dzadzani madzi mpaka pakhosi, siyani chotsegula, lizani injini ndipo muyang'anitsitse pakhosipo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Timathovu tochepa poyamba si kanthu, ndi mpweya umene unatsekeredwa. Koma thovu likamatuluka mosalekeza ngati nsomba ikupuma m'madzi, n'kumachuluka wina akaponda moto, kapena madzi akamalumpha injini isanatenthe n'komwe, pamenepo gasiketi tiyambe kuikayikira. Bwezerani chitsekerero madziwo asanatenthe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zochepa zimenezi zimauza munthu zambiri kuposa tsiku lonse la kumasula mabawuti.

Ndikhalitse pang'ono pa chitsekererocho, chifukwa ndi kanthu kamene anthu amakanyoza kwambiri pamene kamapha injini zochuluka. Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,490 kuchokera pa nyanja yamchere. Kumtunda kotere mpweya ndi wopepuka, ndipo madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100 monga tinaphunzirira kusukulu. Komatu injini ikaima pamzere wa magalimoto, madzi ake amafika m'madigiri a m'ma 90 omwewo fani isanayambe kuzungulira. Chimene chimawaletsa kuwira ndi chitsekererocho. Chili ndi sipuling'i ndi mphira zimene zimasunga pulesha, ndipo pamwamba pake pamalembedwa nambala, pa Honda kawirikawiri 1.1. Chikakhala chabwino, madzi sawira mpaka pafupifupi madigiri 120. Chikatopa, mphira wake atauma kapena kung'ambika, injini yopanda vuto lina lililonse imayamba kuwira muno mu Harare, n'kumalavulira madzi m'kabotolo kaja mpaka kusefukira pansi pamene mukuyenda. Simuona dontho pakhomo chifukwa madziwo anatayikira mumsewu. Ngati chitsekerero chanu ndi chomwe chinabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, gulani chatsopano cha nambala yomweyo musanachite china chilichonse. Mu Kaguvi Street zilipo zamitundumitundu. Pewani zotchipitsitsa zopanda dzina, chifukwa sipuling'i yake imakhala yongoyerekeza.

Mwanena kuti imatentha mukaima pamzere. Mawu amenewa akuloza fani. Galimoto ikamathamanga, mphepo imadutsa yokha mu rediyeta, koma ikaima mu msewu wa Simon Mazorodze masana a Okutobala, fani yokha ndiyo imakoka mphepo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Lizani injini pakhomo, boneti ili yotsegula, muidikire itenthe. Fani iyenera kuyamba kuzungulira yokha, kuima, kenako kuyambanso. Ngati kanyali kofiira kafika poyaka fani ili chete, mwapeza wolakwa. Ngati eyakoni yanu imagwira ntchito, kuiyatsa kuyenera kudzutsa fani nthawi yomweyo, koma eyakoni yopanda gasi singakuuzeni kanthu. Fani ikakhala chete, musalole kuti akugulitseni mota yatsopano asanaone fyuzi, relay, mawaya ndi sensa imene imaidzutsa. Ndaonaponso mafani ozungulira mwaulesi chifukwa mota yatopa, ndi ena ozungulira chammbuyo chifukwa wina anasemphanitsa mawaya. Ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta: liyenera kukokedwa n'kumatirira, osati kukankhidwa. Manja ndi mpango zikhale kutali, fani imeneyi imadzuka mosachenjeza.

Thermostat ija ibwezeretsedwe. Ndikudziwa kuti kuichotsa ndi chizolowezi cha amakaniko ambiri kuno ndi kumudzi komwe, amati inapangidwira maiko ozizira. Ine ndimakana. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira, ndipo imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 80. Ikachotsedwa, m'mawa wa Juni ndi Julaye injini imayenda nthawi yaitali ili yozizira, kompyuta imathira petulo wambiri poganiza kuti sinatenthebe, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo ndalama za mafuta zimakwera. Choipa china n'chakuti pa injini zambiri za ku Japan, thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira osafika ku rediyeta. Popanda iyo kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndipo madzi ena otentha amangobwerera mu injini osazizira. Ngati yakale ija anakupatsani, iikeni mumphika wa madzi pamoto. Ikatseguka madzi asanawire, inalibe mlandu.

Nanga madzi amene mukuthirawo ndi otani? Ambiri muno timadalira madzi a pamjigo, ndipo ndi omwewo timathira m'galimoto. Yang'anani m'kati mwa ketulo yanu muone zoyera zimene zimamatirira pansi. Zomwezo zimamatirira m'timachubu ta rediyeta, timene ndi topyapyala kwambiri. Madzi okhaokha amadyanso aluminiyamu, amachititsa dzimbiri, ndipo amatha kudya mapiko a pampu mpaka pampuyo kumangozungulira osakankha kanthu. Mankhwala a mu rediyeta aja, amene ena amawatcha antifreeze, sikuti ndi a chisanu chokha ayi. Amaletsa dzimbiri, amafewetsa pampu, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyeretsedwa a m'botolo, onga amene amaonjezera mu batire (osati asidi), amakwezako madigiri angapo pamene madzi amawirira. Muwasunge kutali ndi ana ndi agalu, chifukwa ndi otsekemera koma ndi poizoni. Rediyeta yotsekeka imadziwika chonchi: injini itatentha n'kuzimitsidwa, mbali zina za rediyeta zimakhala zotentha, zina zozizira. Imavutitsa kwambiri pachitunda ndi pa liwiro kusiyana ndi poima. Kunja kwakenso kumatsekeka, makamaka nyengo ino ya fumbi ndi maluwa a jakaranda amene akuyoyoka m'misewu yonse. Zinyalala zimaunjikana pakati pa rediyeta ndi chozizira cha eyakoni chimene chili kutsogolo kwake, pamalo posaoneka. Muzitsuke ndi payipi ya madzi mofatsa, kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo.

Wina akadzakuuzani kuti muthire dzira, tsabola wogaya kapena mankhwala omata m'rediyeta, dziwani kuti zimenezo zimatseka bowo limodzi n'kutsekanso timachubu makumi angapo tabwinobwino.

Hita ija ndi mboninso. Injini ikakhala yotentha koma hita ikutulutsa mphepo yozizira, ndiye kuti madzi achepa, kapena muli mpweya, kapena pampu sikukankha.

Tifike pa gasiketi. Ndi kachipepala kachitsulo kamene kamakhala pakati pa hedi ndi thunthu la injini, kulekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Anthu ambiri amadziwa chizindikiro chimodzi chokha, oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo akaona oyilo ali bwino amati gasiketi ili bwino. Si choncho. Nthawi zambiri pa injini zing'onozing'onozi imapsa pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo osakhudzidwa. Utsi wa mu silinda umalowa m'madzi n'kuwakankhira kunja, ndipo usiku injini ikazizira madzi amadonthera mu silinda. N'chifukwa chake galimoto yotero imanjenjemera kwa masekondi angapo mukangoiliza m'mawa kenako n'kukhazikika, payipi ya pamwamba imauma gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha. Nthunzi ya m'mawa kukazizira, imene imatha yokha pakapita kanthawi, si vuto. Makaniko akamasula mapulagi, imodzi imapezeka yoyera ngati yatsukidwa pamene zinzake zili zofiirira.

Pitani ku galaji imene ili ndi zida zitatu izi, ndipo muimirire pomwepo poyezapo. Choyamba ndi kapampu ka pamanja kamene amakamanga pakhosi pa rediyeta n'kupopa mpaka pulesha ya pa chitsekerero. Muvi ukamatsika, madzi akutuluka penapake, ndipo ngati ndi kunja mudzaona ndi maso anu pamene akudontha. Kapampu komweko kamayezanso chitsekerero. Chachiwiri ndi kachubu kokhala ndi mankhwala abuluu, kamene kamanunkhiza mpweya wa pakhosi pa rediyeta injini ikulira. Mukakhala utsi wa injini, mankhwalawo amasanduka achikasu. Chachitatu ndi choyezera mphamvu ya silinda iliyonse. Manambala anayiwo ayenera kuyandikana. Akasiyana ndi 15 peresenti kapena kuposa, makamaka masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, nkhani yaoneka poyera. Awuzeni akulembereni manambalawo papepala. Makaniko wodziwa ntchito yake sakwiya mukamupempha zimenezi.

Zikapezeka kuti gasiketi yapsadi, si imfa ya galimoto. Koma ntchitoyo ichitike mokwanira. Hedi ipite kwa anthu a makina opalira, ku Graniteside kapena ku Southerton alipo, akaione ngati ili yowongoka komanso ngati ilibe mng'alu. Kupindika kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi kumakwanira kupsereza gasiketi yatsopano. Mabawuti a hedi amamangidwa ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira dongosolo la m'buku, osati ndi paipi yoonjezera ndi mphamvu za mnyamata. Oyilo ndi sefa yake zisinthidwe, mpweya utulutsidwe bwino pothira madzi. Ndipo chachikulu kuposa zonse: gasiketi sipsa yokha, imapserezedwa. Chimene chinayambitsa kutenthako, kaya ndi fani, chitsekerero kapena rediyeta, chikapanda kupezeka, mudzabwereranso pa galaji ndi vuto lomwelo mvula isanathe. Ndinalandirapo Fit imene inali itasinthidwa gasiketi kawiri m'chaka chimodzi. Vuto lake linali waya wa fani umene unkalekana galimoto ikagunda m'maenje.

Pali njira ina imene ndiyenera kuitchula, ngakhale sindikuganiza kuti ndi yanu. Ngati mutaonetsetsa mupeza kuti galimoto ndi yofooka ngakhale m'mawa ili yozizira, ndiye kuti kufooka ndi kutentha zikhoza kukhala ndi kholo limodzi kwina. Injini ya Fit yanu ili ndi masilinda anayi koma mapulagi ndi 8, makoyilo ndi 8, awiri pa silinda iliyonse. Anayi ali kutsogolo poonekera, anayi abisala kumbuyo. Amakaniko ambiri amasintha akutsogolo okha, ena mosadziwa, ena mwaulesi, ndipo ndatulutsapo mapulagi akumbuyo amene anali asanagwidwepo chichokere ku Japan. Koyilo ndi imene imapatsa pulagi moto, ndipo yotopa imagwira bwino ikazizira n'kuyamba kumisa, kutanthauza kuphonya moto, ikatentha. Injini ikamisa nthawi yaitali, petulo wosapsa amakapsera mu catalytic converter, kabokosi ka mu ekizozi kamene m'kati mwake muli ngati chisa cha njuchi chopakidwa platinum, mwala womwe uja umakumbidwa ku Ngezi ndi ku Zvishavane. Chisacho chikasungunuka chimatseka njira ya utsi, ndipo injini imakhala ngati munthu wothamanga atatsekedwa pakamwa: siikoka, ndiponso imatentha. Makaniko amatha kuziyesa pomasula kwakanthawi sensa ya kutsogolo kwa kabokosiko kuti utsi upeze potulukira. Mphamvu ikabwerera, wapeza. Njira za EGR, zimene zimabwezera utsi wina mu injini, pa injini imeneyi zimakondanso kutsekeka ndi mwaye, galimoto n'kumadukizadukiza pa liwiro lochepa.

Ena adzakuuzani kuti ndi petulo wa muno. N'zoona kuti kuyambira 2013 lamulo limafuna kuti petulo asakanizidwe ndi ethanol wochokera ku nzimbe, monga za ku Chisumbanje ndi Triangle, ndipo mlingo wake umakwera ndi kutsika, nthawi zina kufika 20 peresenti. Kumudzi nakonso akhala akusakaniza ndi wa ku Dwangwa kuyambira m'ma 1980. Petulo wotere amatha msangako pang'ono, koma samwa madzi a mu rediyeta. Chimene angachite pa galimoto yakale ndi kusukusula litsiro la m'thanki n'kulipititsa ku sefa. Sefa ikatsekeka kapena pampu ya petulo ikatopa, injini imalandira mpweya wambiri petulo wochepa, ndipo moto wotero umatentha kwambiri koma ulibe mphamvu. Sefa ya mpweya nayo muitulutse muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, isintheni.

Zinthu ziwiri zomaliza pa mbali imeneyi mungaziyese nokha. Mukayenda mtunda pang'ono, yandikitsani dzanja pa chitsulo cha thayala lililonse osakhudza. Limodzi likakhala lotentha kuposa anzake, buleki ikugwira yokha, ndipo injini ikulimbana nayo ulendo wonse. Kenako mvetserani mukaponda moto. Ngati injini ikulira kwambiri koma liwiro silikukwera, vuto lili mu giyabokosi ya CVT, imene imafuna mafuta akeake osati a giyabokosi wamba. Ngati injiniyo ikukana kulira kumene, vuto lili mu injini.

Ndikupempheninso pa za katundu. Injini yanu ndi ya 1,339 cc, ndipo ili yatsopano ku Japan inkatulutsa mphamvu imene amaiwerenga kuti mahatchi 86. Kumtunda kuno mpweya wopepuka umaichotsera pafupifupi 15 peresenti isananyamule kanthu. Onjezani zaka zimene yayenda, matumba a mbatatesi mpaka kudenga, ndi dzuwa la masana. Ndikudziwa kuti ulendo uliwonse wa ku Mbare ndi mafuta, ndipo ma Fit a mushikashika, matakisi opanda chilolezo aja, timawaona atanyamula anthu mpaka m'buti. Koma ine ndi amene ndimawalandira akafa. Pamene tikufufuza vutoli, chepetsani katundu ndipo yesetsani kubwerako dzuwa lisanakwere.

Za kugula injini ina, ndikuti ayi, pokhapokha hedi itapezeka yong'aluka komanso thunthu lopindika, kapena injini itayamba kugogoda pansi ndi kudya oyilo. Palibe chimene mwalemba chikuloza kumeneko. Injini za m'mashopu zimatsukidwa n'kuwala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti inawirapo kangati. Injini yanu mbiri yake mukuidziwa. Komanso injini ina ikalowa, rediyeta, fani ndi chitsekerero zimakhala zomwe zija, ndipo ngati wolakwa ali pamenepo adzaphanso yatsopanoyo. Kumbukiraninso kuti nambala ya injini inalembedwa m'buku la galimoto, ndipo ikasintha mapepala ayenera kukonzedwa musanaganize zodutsa nayo pachipata cha dziko.

Ulendo wa ku Balaka ndi umene ukundichititsa kulemba motalika chonchi. Msewu umenewo ndimaudziwa. Kuchoka muno kudzera ku Murewa ndi Mutoko mpaka pa Nyamapanda mumakhala mukutsika, ndipo mukadutsa Changara n'kufika ku Tete, m'mphepete mwa Zambezi, muli m'chigwa mmene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi imeneyi. Pachipata mumaima pamzere nthawi yaitali, pamene fani yokha ndiyo ikusunga injini. Mukaoloka mtsinje n'kudutsa Moatize, msewu umayamba kukwera mpaka ku Zóbuè ndi Mwanza, galimoto itadzadza ana ndi katundu wa Khirisimasi. Kufika ku Blantyre kokha ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo pakati pake pali mitunda italiitali yopanda galaji. Galimoto imene ikumwa lita pa masiku atatu m'tauni ikhoza kumaliza madzi onse pa chitunda chimodzi cha kumeneko.

Ndiye chitani chonchi. Sabata ino yalani katoni ija, yang'anani thovu, dikirani fani, gulani chitsekerero. Sabata yamawa pitani kokayezetsa ndi zida zitatu zija, thermostat ibwerere, rediyeta itsukidwe ndipo muthire mankhwala oyenera. Zikakonzedwa, yendani nayo milungu iwiri mukuyang'ana pakhosi pa rediyeta m'mawa uliwonse. Madzi akapanda kutsika, tsiku lina muinyamulitse katundu wofanana ndi amene mudzapite naye kumudzi, mupite ku Mutoko masana dzuwa lili pamutu, makilomita pafupifupi 140, ndi kubwerako chokwera. Mawa lake m'mawa tsegulani chitsekerero. Madzi akakhala pomwe munawasiya, nyamulani malita 10 a madzi, lamba wapadera ndi mafyuzi, mudutse ku Tete m'mamawa. Akatsika ngakhale ndi chala chimodzi, galimoto itsale pakhomo chaka chino, inu ndi ana mukwere basi ya ku Blantyre, ndipo mundilembere manambala anayi aja a masilinda ndi mtundu umene mankhwala abuluu anasanduka, tidzaone pamodzi choyenera kutsegula.